Mau Akuti "Khaki" Anacokera Kuti?

Madzulo ano tikambe za mau amene ali pakamwa pa ali yense, ngakhale mwana wa sukulu wonyadira kabudula wace watsopano: mau akuti kaki. Ambiri amayesa kuti ndi Cingerezi ceni ceni. Iai, nawonso Angerezi anacita kubwereka.

Gwero lace ndi dziko la Persia, limene lero lichedwa Iran. M'cinenero ca kumeneko "khak" ndiye pfumbi kapena dothi. Mauwa analowa m'Ciurdu, colankhulidwa kumpoto kwa India, nasanduka "khaki", ndiko kunena cinthu ca maonekedwe a pfumbi.

Tsono anafika bwanji kwa Angerezi? Inali nkhani ya moyo ndi imfa. Kale asilikari ao ankapita ku nkhondo atabvala malaya ofiira, okongola ndithu pa perete. Koma m'mapiri ouma a ku Peshawar munthu wobvala zofiira kapena zoyera ankaonekera patali monga gwape pa lupsa, ndipo mdani wa mfuti sanali kubvutika naye. M'caka ca 1846 Harry Lumsden anayambitsa kumeneko gulu la asilikari lochedwa Corps of Guides, ndipo pofika 1848 anthu ace anali kubvala nsaru zonyikidwa kuti zifanane ndi nthaka. Popeza asilikariwo anali eni dziko, nsaruyo inatenga dzina la kwao.

Akuru a nkhondo ku London sanafulumire kuona nzeruyi, pakuti mwambo subvulidwa msanga ngati malaya. Mu 1885, pa nkhondo ya ku Ginnis m'dziko la Sudan, ena anamenyabe atabvala zofiira. Koma pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ku South Africa, kuyambira 1899 kufikira 1902, Angerezi anabwera atabvala mtundu wa pfumbi, ndipo Mabunu anawapatsa dzina lonyoza lakuti "Kakies". Taonani, dzina la nsaru linasanduka dzina la anthu!

Caka comweco ca 1902 linakhazikitsidwa gulu la King's African Rifles, m'mene makolo athu ambiri analembedwa ku Zomba nabvekedwa nsaru yomweyi. Motero mau amene anabadwira ku Persia, atadzera ku India ndi m'kamwa mwa Angerezi, anafika m'midzi mwathu, kumene telala pansi pa khonde la sitolo angofunsa kuti, "Mufuna mayadi angati a kaki?"