Mvula ya m'kompyuta ndi mvula ya m'munda

Balaka ndi boma limene mvula imavuta. Mpaka mu 1998 linali mbali ya Machinga, ndipo maboma awiriwa amaidziwa bwino ng'amba imene imapeza chimanga chikumasula ngayaye. Chimene ambiri a ife sitidziwa n'chakuti chiopsezo cha ng'amba yomweyi chakhala chikugulitsidwa pa misika ya ndalama kwa zaka zambiri tsopano. Makampani amalandira ndalama kuti achisenze, ndipo chogamula ngati alipire kapena ayi ndi manambala. Funso langa ndi lakuti, manambalawo amachokera kuti?

Nkhaniyi inayamba mu 2005. Inshuwaransi ya mbewu yachikale inkafuna kuti munthu ayendere munda uliwonse n'kuona kuwonongeka kwake, ndipo pa munda wa ekala imodzi ulendo wokhawo unkadya phindu lonse. Choncho World Bank, bungwe la NASFAM, mabungwe obwereketsa ndalama a OIBM ndi MRFC pamodzi ndi makampani a inshuwaransi anayesa njira ina ndi alimi a mtedza 892 a m'chigawo chapakati. Anati tiyeni tingowerenga mvula pa siteshoni ya zanyengo. Ikachepera pa mlingo womwe anagwirizana, inshuwaransi inkathandiza kubweza ngongole ya mbewu ya mlimi aliyense wokhala mkati mwa makilomita 20 kuchokera pa siteshoniyo.

Mu 2008 boma nalo linalowa mumsikawu. Kudzera ku World Bank linagula chitetezo cha madola a ku America ofika 5 miliyoni, potengera mvula yoyezedwa pa masiteshoni 23, ndipo chiopsezocho chinakathera m'manja mwa kampani ya Swiss Re. Kwa amalonda oterewa, ng'amba ya ku Malawi ndi katundu wabwino chifukwa siyendera limodzi ndi kukwera kapena kugwa kwa masheya ku London.

Ku Balaka njirayi inafika ndi ndondomeko ya R4 ya bungwe la WFP, imene inayamba ndi alimi 500. Masiteshoni athu ndi otalikirana, motero mvula inkawerengedwa ndi setilaiti. Mlimi wosowa ndalama ankalipira inshuwaransi yake pogwira ntchito zoteteza nthaka ndi madzi.

Koma chaka cha 2016 chinaonetsa pamene panali mng'alu. Boma linali litalipira madola 4.7 miliyoni ku African Risk Capacity, bungwe la inshuwaransi la mayiko a mu African Union. El Niño anawotcha mbewu, ndipo mu Epulo Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Anthu 6.5 miliyoni ankafunika chakudya. Pulogalamu ya kompyuta ya bungwelo, yotchedwa Africa RiskView, inati okhudzidwa ndi chilala ndi anthu pafupifupi 21,000 okha, choncho panalibe cholipira.

Chinalakwika n'chiyani? Pulogalamuyo inauzidwa kuti alimi amadzala chimanga chochedwa kucha, cha masiku 120 mpaka 140. Atafufuza akatswiri a ku LUANAR, zinapezeka kuti ambiri anali atasinthira ku mbewu zocha msanga, za masiku 90. Ng'amba inagunda chimanga chenichenicho pa nthawi yake yofunitsitsa madzi, pamene chimanga cha m'kompyuta chinkaoneka kuti chidzapindula ndi mvula yobwera mochedwa. Atakonza nambala imeneyi, bungwelo linalipira madola 8.1 miliyoni mu Januwale 2017, miyezi 9 chilengezereni ngozi. Chithandizo chonse chinkafuna madola 395 miliyoni.

Mfundo imene inasowa pamenepa inali yodziwika kwa mayi aliyense wogula mbewu pa Liwonde kapena pa Ulongwe. Panalibe amene anamufunsa.

Ena amati izi zikutsimikiza kuti inshuwaransi yamtunduwu ndi njuga chabe. Ine sindikufika pamenepo. Patapita nthawi WFP inawonjezera njira yoyeza zokolola zenizeni pa minda yosankhidwa m'dera lililonse, ndipo mu 2021 alimi pafupifupi 65,000 a m'maboma a kum'mwera, kuphatikizapo Balaka ndi Machinga, analandira madola 2.4 miliyoni. Ndalama ya banja limodzi inali yochepa, komabe kwa munthu amene akanagulitsa mbuzi yake yomaliza inali yokwana kugulira chimanga. Ngakhale zili choncho, vuto lakale lidakalipo: mvula imatha kugwa tsidya lina la Shire, tsidya lino kuli gwa, koma nambala ya dera lonse imakhala imodzi. Wokolola pang'ono pakati pa anzake okolola bwino amabwerera chimanjamanja.

Anzanga amene mukuphunzira zachuma, zaulimi kapena zamakompyuta, ntchito yathu ili apa. Mapangano ngati amenewa adzasainidwanso, ndipo ena a inu mudzakhala pa tebulopo. Musanavomereze, funsani kuti pulogalamuyo ikuganiza kuti anthu amadzala mbewu yanji, amadzala liti, ndipo ndani anapita kumudzi kukatsimikiza. Funsaninso kuti mlimi akaona kuti nambala ikutsutsana ndi nkhokwe yake akadandaule kwa yani. Mu 2016 mafunso amenewa anafunsidwa njala italowa kale m'nyumba.