Kucokela pa kati-ofu kufika pa Catch Up: mbili ya mamakisi m'masukulu athu

Aliyense amene anaphunzila pa sukulu ya boma amakumbukila tsiku lotsekela. Aphunzitsi aima kutsogolo ndi mulu wa malipoti, ayamba kuitana nambala wani, nambala thu, mpaka wothela. Kunyumba funso linali limodzi cabe: wakhala nambala cani? Palibe amene anali kufunsa ngati uja wa nambala 58 adziwa kulumikiza zilembo kuti apange liu. Cizolowezi cimeneci cili ndi mbili yake.

Pamene Zambia inalandila ufulu mu 1964, nzika zimene zinali ndi digili ya ku yunivesiti zinali pafupifupi 100 cabe. Boma la UNIP linamanga masukulu a pulaimale mofulumila, koma malo ku sekondale anakhalabe ocepa kwambili. Conco mayeso a Giledi 7 anasanduka sefa. Kati-ofu inali kuikidwa molingana ndi malo amene analipo, ndipo mwana wokhoza bwino anali kutsala ngati mipando yatha. Mamakisi anali kugwila nchito yosankha ana opitiliza. Otsala anali kungouzidwa kuti afeluka, osadziwa kuti vuto linayambila m'giledi iti. Bungwe la Examinations Council of Zambia, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1983, linatengela nchito yomweyi ya mayeso a kumapeto.

Panalinso nkhani ya cinenelo. Kuyambila mu 1966, Cingelezi ndico cinali cinenelo cophunzitsila kucokela mu Giledi 1. Mwana wa ku Katete kapena ku Matero anali kuphunzila kuwelenga m'cinenelo cimene sanali kukamba kunyumba. Ambili anali kuloweza zimene aphunzitsi akamba ndi kukopela za pa bolodi, ndipo m'kilasi zinali kuoneka monga zonse zili bwino.

Kumayambililo kwa zaka za m'ma 1990, wofufuza wa ku Britain, Eddie Williams, anayesa ana a pulaimale m'Zambia ndi m'Malawi. Ana a ku Malawi anali kuyamba sukulu m'Cicewa, a kuno m'Cingelezi. Iye anapeza kuti pa kuwelenga Cingelezi panalibe kusiyana kwenikweni, koma pa cinenelo ca kunyumba ana a ku Malawi anali patsogolo kwambili. Zinaonekelatu kuti ana athu ambili anali kukwela magiledi osadziwa kuwelenga cinenelo ciliconse. Mfundo za boma za maphunzilo za mu 1996, zochedwa Educating Our Future, zinalola kuti mwana ayambe kuphunzila kuwelenga m'cinenelo cimene adziwa.

Mu 1999 panacitika zinthu ziwili. Coyamba, boma linayamba National Assessment, kafukufuku woyesa ana osankhidwa a Giledi 5 m'zigawo zonse, kuti lidziwe mmene maphunzilo akuyendela. Mayesowa sanali kupasitsa kapena kufelutsa mwana aliyense. Amene anali kupimidwa ndi masukulu. Caciwili, Primary Reading Programme inabweletsa New Breakthrough to Literacy mu Giledi 1, m'zinenelo zisanu ndi ziwili za m'Zambia. Ana anali kugawidwa m'magulu anayi molingana ndi liwilo lawo, ndipo mphunzitsi anali kukhala ndi gulu limodzi pamene ena akucita nchito zawo. Komabe kafukufuku wa dziko lonse anali ndi malile ake. Lipoti yosindikizidwa ku Lusaka ingauze nduna mmene cigawo conse cilili, koma singauze mphunzitsi wa ku Petauke kuti ndi ana ati m'kilasi mwake amene sadziwa zilembo.

Yankho la vuto limeneli linacokela ku India. Bungwe la Pratham, limene linayamba ku Mumbai m'zaka za m'ma 1990, linapanga kayesedwe kosavuta ka pepala limodzi: zilembo, mau, ndime yaifupi ndi kankhani. Mwana aliyense amawelenga yekha pamaso pa womuyesa, ndipo m'mphindi zocepa zimadziwika pamene wafika. Kenako ana amaikidwa m'magulu molingana ndi zimene adziwa, mosayang'ana msinkhu kapena giledi. Njila imeneyi imachedwa Teaching at the Right Level. Akatswili a zacuma Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, amene anapata mphoto ya Nobel mu 2019 pamodzi ndi Michael Kremer, anaifufuza kwa zaka zambili ndi kupeza kuti imathandiza ana otsalila.

Mu 2016 Unduna wa Zamaphunzilo unaiyesa kuno ndi dzina lakuti Catch Up, m'masukulu 80 a ku Cigawo ca Kum'mawa ndi ca Kum'mwela. Ana a Giledi 3 mpaka 5 amayesedwa mmodzimmodzi pa kuwelenga ndi masamu. Pa kuwelenga pali masitepe asanu: woyamba kumene, wodziwa zilembo, wowelenga mau, wowelenga ndime, ndi wowelenga nkhani. Pa nthawi ya Catch Up, mwana wa Giledi 5 amene akali pa zilembo amakhala pamodzi ndi wa Giledi 3 wa sitepe yomweyo, ndipo amaphunzila ndi makhadi, nyimbo, timitengo ndi masewela. Pakapita nthawi amayesedwanso, ndipo amene wapita patsogolo amasamukila ku gulu lina. Pulogalamuyi inafalikila ku masukulu pafupifupi 1,800 m'zigawo ziwilizo, pambuyo pake n'kufika ku zigawo zina.

Kusiyana kwake ndi kwakuti zotulukapo zimayamba kugwila nchito m'manja mwa mphunzitsi amene wayesa. Iye amaona kuti ana angati ali pa zilembo, angati pa mau, ndipo phunzilo la mawa amalikonza kucokela pamenepo. Koma njilayi ingafe mosavuta ngati mapepala akungodzazidwa kuti akuluakulu a ku ofesi awaone. Kucokela mu 2022, pamene maphunzilo aulele anafika mpaka Giledi 12, makilasi ambili adzaza, ndipo kuyesa mwana aliyense payekha kumafuna nthawi imene aphunzitsi ambili alibe.

Ngati muli ndi mng'ono wanu kapena mwana ku pulaimale, mungayese nokha. Mupatseni ndime yaifupi ya Cinyanja imene sanaionepo, awelenge mokweza. Ikamuvuta, bwelelani pa mau; mau akamuvuta, bwelelani pa zilembo. Tsiku lotenga lipoti, funsani aphunzitsi kuti mwanayo ali pa sitepe iti, ndipo mungamuthandize ciyani kunyumba.