Mwana wa mdani, wovina wa boma

Ndikamaona kanema wakale wa Maya Plisetskaya, wovina gule wa ballet wa ku Russia, akuvina ndi nsonga za zala zakumapazi, manja akuweyula ngati mapiko, maganizo anga amathawira kwa bambo ake. Boma la Stalin linawagwira mu 1937, n'kuwaombera mu 1938. Mayi ake anawatumiza kundende ya ku Kazakhstan. Mtsikanayo analeredwa ndi m'bale wa mayi akewo, Sulamith Messerer, amene ankavina ku Bolshoi, nyumba yaikulu ya gule ndi zisudzo mumzinda wa Moscow. Ndipo boma lomwelo ndi limene linamuphunzitsa gule kwaulere, n'kumulemba ntchito ku Bolshoi mu 1943.

Gule wa ballet anali wa mafumu a ku Russia. Achikomyunizimu atalanda boma mu 1917, ena anati chimenechi n'chidole cha anthu olemera, chife basi. Mtsogoleri wawo, Lenin, anafunapo kutseka Bolshoi chifukwa cha ndalama, koma Anatoly Lunacharsky, woyang'anira maphunziro, anakakamira mpaka zitseko zinakhalabe zotsegula. Kuyambira pamenepo boma linkalipira zonse: aphunzitsi, oimba, nsapato, malipiro a ovina.

Komatu wokudyetsa ndiye amagwira chingwe. Mu 1936 nyuzipepala ya Pravda inanyoza gule wotchedwa The Bright Stream, amene nyimbo zake anapeka Shostakovich. Adrian Piotrovsky, mmodzi mwa olemba nkhani yake, anaphedwa chaka chotsatira. Gule wonena za alimi osangalala, tangoganizani!

Plisetskaya sanamuphe. Anangomutsekera m'khola lokongola. Alendo akuluakulu akabwera ku Moscow, ankapita nawo kukamuonera akuvina Swan Lake, gule amene iye anavina koposa ka 800. Koma gulu lake litapita ku London mu 1956, iye anamusiya, poopa kuti sakabwerako. Anamulola kupita ku America mu 1959. Mantha a bomawo sanali opanda pake: mwa ovina ena, Rudolf Nureyev anathawira ku Paris mu 1961, Mikhail Baryshnikov ku Toronto mu 1974. Plisetskaya ankapita n'kumabwerera, ndipo mu 1964 anamupatsa mphotho ya Lenin. Ine sindimuweruza, abale ake anali komweko.

Mu Ogasiti 1991, akuluakulu ena a chipani cha chikomyunizimu atayesa kulanda boma kwa Gorbachev, anthu anatsegula wailesi yakanema kuti amve chimene chachitika. Anapeza Swan Lake yomwe ija, akuibwerezabwereza, akasinja ankhondo ali m'misewu ya Moscow.