Amos Alonzo Stagg

Amos Alonzo Stagg (16 Ogasiti 1862 – 17 Malichi 1965) anali wosewera komanso mphunzitsi wa mpira wa ku America m'makoleji a m'dziko la United States. Amadziwika kwambiri chifukwa chophunzitsa timu ya University of Chicago kwa zaka 41, kuyambira 1892 mpaka 1932. Mpira wa ku America ndi wosiyana ndi mpira wamiyendo: mpira wake ndi wowulungika ngati dzira, ndipo osewera amathamanga nawo m'manja, kuponyerana komanso kugwetsana pansi. Stagg ndi mmodzi mwa anthu amene anaumba masewerawa pa nthawi imene malamulo ake anali asanakhazikike.

Ubwana ndi maphunziro

Stagg anabadwira ku West Orange m'chigawo cha New Jersey, m'banja losauka. Bambo ake ankasoka nsapato. Ataphunzira ku Phillips Exeter Academy, anapita ku Yale University komwe anamaliza digiri yake mu 1888, kenako anayamba maphunziro a zaubusa. Ku Yale anatchuka poyamba ngati woponya mpira pa masewera a baseball, moti matimu olipira osewera anamufuna, koma iye anakana. Ankaseweranso mpira wa ku America, ndipo mu 1889 anasankhidwa m'gulu loyamba la All-America, lomwe ndi mndandanda wa osewera opambana m'makoleji a dziko lonse.

Cholinga chake chinali kukhala mbusa, koma anaona kuti analibe mphatso yolankhula pagulu. Anaganiza zoumba khalidwe la achinyamata kudzera m'masewera m'malo mwa guwa. Mu 1890 ndi 1891 anaphunzitsa timu ya sukulu ya YMCA ya ku Springfield, Massachusetts. Kumeneko anali limodzi ndi James Naismith, amene anayambitsa basketball mu 1891, ndipo Stagg anasewera nawo mpikisano woyamba wa basketball woonetsedwa pagulu mu Malichi 1892.

Ku Chicago

William Rainey Harper, amene anaphunzitsapo Stagg ku Yale, atakhala mtsogoleri woyamba wa University of Chicago anamuitana kuti akayang'anire zamasewera. Stagg anapatsidwa udindo wofanana ndi wa aphunzitsi ena a payunivesite, chinthu chomwe chinali chachilendo pa nthawiyo, chifukwa matimu ambiri ankaphunzitsidwa ndi osewera akale ongolembedwa kwa miyezi yochepa.

Timu yake, yotchedwa Maroons, inapambana chikho cha mgwirizano wa makoleji umene masiku ano umatchedwa Big Ten kasanu ndi kawiri: mu 1899, 1905, 1907, 1908, 1913, 1922 ndi 1924. Matimu a 1905 ndi 1913 amawerengedwa kuti anali akatswiri a dziko lonse.

Masewero ake otchuka kwambiri anachitika pa 30 Novembala 1905, pamene Chicago inakumana ndi Michigan ya mphunzitsi Fielding Yost. Michigan inali itasewera masewero 56 otsatizana osagonja. Matimu onse awiri analephera kufika kumapeto kwa bwalo la anzawo, mpaka chakumapeto pamene wosewera wa Michigan anagwetsedwa ndi mpira kuseri kwa mzere wa golo lake. Malamulo amapereka mapointi awiri pa zimenezi, choncho Chicago inapambana 2–0.

Chaka chomwechi masewerawa anali pa chiopsezo chothetsedwa m'makoleji chifukwa cha kuchuluka kwa osewera ovulala ndi omwalira. Malamulo anasinthidwa mu 1906, ndipo kuponya mpira kutsogolo kunaloledwa. Stagg, yemwe anakhala m'komiti ya malamulo kwa zaka zambiri, anali m'gulu la aphunzitsi oyamba kukonza njira zosewerera mogwiritsa ntchito lamulo latsopanoli. Amatchulidwanso ngati woyambitsa kapena wofalitsa zinthu zingapo, monga chidole chophunzirirapo kugwetsa mdani, kuunjikana kwa osewera kuti apangane zochita mpira usanayambenso, ndiponso kulemba manambala pa mayunifolomu.

Kuchoka ku Chicago

Stagg atakwanitsa zaka 70 mu 1932, yunivesite motsogozedwa ndi Robert Maynard Hutchins inamupumitsa ntchito malinga ndi lamulo la zaka. Iye sanafune kupuma. Anasamukira ku College of the Pacific mumzinda wa Stockton, California, komwe anaphunzitsa kuyambira 1933 mpaka 1946. Mu 1943, ali ndi zaka 81, timu yake inapambana masewero 7 n'kugonja awiri, ndipo aphunzitsi anzake anamusankha kukhala mphunzitsi wopambana wa chakacho. Kuyambira 1947 mpaka 1952 anaphunzitsa limodzi ndi mwana wake, Amos Alonzo Stagg Jr., ku Susquehanna University ku Pennsylvania. Pambuyo pake anathandiza timu ya Stockton College mpaka atadutsa zaka 90.

Kaundula wa bungwe la NCAA amasonyeza kuti monga mphunzitsi wamkulu anapambana masewero 314, anagonja 199 ndipo anafanana mphamvu 35.

University of Chicago inathetsa timu yake ya mpirawu nyengo ya 1939 itatha. Pansi pa mipando ya bwalo lake, lotchedwa Stagg Field, ndi pamene Enrico Fermi ndi asayansi anzake anayendetsa makina oyamba a mphamvu ya nyukiliya pa 2 Disembala 1942.

Banja ndi ulemu

Mu 1894 Stagg anakwatira Stella Robertson, ndipo anabereka ana atatu. Stella ankamuthandiza polemba zochitika m'masewero komanso poonera matimu amene ankayembekezera kukumana nawo. Iye anamwalira mu 1964, ndipo Stagg anatsatira mu 1965 ku Stockton ali ndi zaka 102.

Mu 1951 anaikidwa mu College Football Hall of Fame monga wosewera komanso mphunzitsi, ndipo mu 1959 analowa m'gulu loyamba la Basketball Hall of Fame. Masewero omaliza a chikho cha makoleji a NCAA Division III amatchedwa Stagg Bowl pomukumbukira.