Katheta, kanyula ndi nyeleti: zimene osamalira odwala ayenera kudziwa

Ambiri a ife timacezera odwala m'cipatala, ndipo ena timalandira m'bale kunyumba ali ndi kapaipi ka mkodzo. Kapaipi kameneka ndi katheta. Amaikira munthu amene mkodzo ukukana kutuluka, monga abambo otupa prostate, kapena amene wacitidwa opaleshoni.

Yofala kwambiri ndi ya Foley. Imalowa m'njira ya mkodzo mpaka m'cikhodzodzo, ndipo kunsonga kwake kuli kabaluni kamene nasi amathiramo madzi, kawirikawiri mamililita 10, kuti isasolomoke. N'cifukwa cake sitiyenera kuikoka, ngakhale wodwala adandaule motani: kabaluni kodzaza kamang'amba njira ya mkodzo. Wocotsa ndi nasi, atayamba wapopa madziwo. Njira ikatsekeka, dokotala amalowetsa ina pamimba, m'munsi mwa mcombo. Ilipo yongolowetsa ndi kucotsa mkodzo ukatha, komanso ya amuna yovala kunja ngati kondomu.

Vuto lalikulu la katheta ndi tizilombo. Thumba la mkodzo lizikhala m'munsi mwa ciuno nthawi zonse, koma lisagunde pansi. Tikaliika pabedi pomunyamula wodwala kuti tipemphere naye, mkodzo umabwerera m'cikhodzodzo. Tisambe m'manja ndi sopo tisanakhuthule thumba ndiponso tikamaliza. Thupi likatentha, mkodzo ukakhala ndi magazi, kapena thumba likakhala louma kwa maola angapo, tipite naye kukiliniki tsiku lomwelo.

Kanyula ndi kapaipi ka pulasitiki kolowa mumtsempha wa padzanja, kopitiramo dilipu, magazi ndi mankhwala ofunika kugwira nchito msanga, monga artesunate wa malungo aakulu. Ambiri amaopa kuti nyeleti yatsalira m'thupi, koma nasi amaicotsa akangolasa. Pamalopo pakatupa kapena kupweteka, timuuze.

Nyeleti zina amalasa mumnofu, paphewa, panchafu kapena pathako, monga Depo-Provera ya miyezi 3 iliyonse. Katemera wa BCG amalowa m'khungu lenilenilo, ndipo amasiya kacipsera kamene ambiri tili nako pamkono. Insulin ya odwala shuga imalowa m'mafuta a pansi pa khungu, pamimba kapena panchafu, ndipo malo olasa azisinthidwa kuti pasaume. Nyeleti sabwerekana, cifukwa imafalitsa HIV ndi hepatitis B. Zogwiritsidwa kale tiziponye m'cigubu colimba ca civindikiro, kutali ndi ana, ndipo cikatsala pang'ono kudzaza tikacipereke kukiliniki.