Dzina la Mtengo wa Tsanya

Tikacoka ku Zóbuè kutsikira ku Moatize, nkhalango imasintha. Kumapiri kuli mombo ndi masuku. Kucigwa kotentha kuli tsanya. Tonse timaudziwa mtengo umenewu. Tsamba lake lili ngati mapiko a gulugufe. Ndi wolimba, ciswe siciudya msanga. Timamangira nyumba ndi makola, timaocha makala, ndipo mbuzi zimadya masamba ake.

Ife timati tsanya. Ku Botswana amati mopane. Anthu ena ali ndi maina ao. Nanga wa zankhalango wa ku Tete akalembera mnzake wa dziko lina, adzamvana bwanji? N'cifukwa cake mtengo uli wonse uli ndi dzina limodzi la Cilatini, lodziwika pa dziko lonse.

Dzina lotere silingopatsidwa. Katswiri amathyola nthambi ya masamba, maluwa kapena zipatso. Amaiumitsa pakati pa mapepala. Amalemba malo ndi tsiku. Nthambi imene dzina lacokerapo imasungidwa ngati mboni. Pakabuka mkangano, akatswiri amabwerera kwa mboniyo.

M'caka ca 1858 dotolo wa ku Scotland, John Kirk, anafika ku Tete pa ulendo wa David Livingstone. Nchito yake ina inali kutola zomera. Mu 1860 bwato lake linagubuduzika pa mathithi a Cahora Bassa, ndipo zolemba ndi zojambula zake zambiri zinapita ndi madzi. Koma nthambi za tsanya zimene anatola m'cigwa ca Zambezi zinakafika ku Kew, ku London. Mu 1865 George Bentham anazilemba m'buku ndi dzina lakuti Copaifera mopane. Iye anaona ngati tsanya ndi mbale wa mitengo ya Copaifera, imene yambiri ili ku America.

Panapita zaka 84. Mu 1949 Jean Léonard wa ku Belgium anaonanso bwino mtengowu. Anapeza kuti ndi wosiyana ndi Copaifera. Anaupatsa fuko lakelake, nati Colophospermum mopane.

Mu 1997 mkangano unabukanso. Breteler wa ku Holland ndi anzake anayerekeza tsanya ndi mtengo wa ku India, Hardwickia binata. Anapima thabwa lake ndi ufa wa m'maluwa, nati mitengo iwiriyi ndi ya fuko limodzi. Anafuna kuti dzina likhale Hardwickia mopane. Léonard anatsutsa mu 1999, naonetsa kusiyana kwake. Lero mabuku ambiri amalemba Colophospermum mopane.

Taonani: mau oyamba anasinthasintha, koma mau akuti mopane sanacoke, cifukwa anamangidwa pa nthambi za Kirk.

Mboni zina zinatayika. Wilhelm Peters anatola zomera ku Tete Kirk asanabwere. Zinasungidwa ku Berlin, ndipo zambiri zinapsa ndi mabomba mu 1943. Kale zomera zathu zinkapita kunja. Tsopano zimasungidwanso ku Maputo ndi ku Zomba.

Makolo athu anaudziwa tsanya kalekale, Kirk asanabadwe. Koma zimene zinalembedwa ndi kusungidwa ndizo zinaweruza mlandu. Nafenso tilembe maina a mitengo yathu ndi nchito zake.

Mafunso
1. Kodi tsanya amamera malo otani?
2. N'cifukwa ciani nthambi youma imachedwa mboni?
3. Lembani maina a mitengo isanu ya kwanu.