Hina: zoyenera kudziwa amene akuyamba kuphunzira kulemba m'manja

Hina, yemwe ena amamutchula henna kapena mehndi, ndi ufa wa masamba a kamtengo kotchedwa Lawsonia inermis. M'masambamo muli utoto wotchedwa lawsone umene umalowerera pakhungu, pa zikhadabo ndi mu tsitsi. Amayi a Chisilamu amadzikongoletsa naye pa Eid ndi pa Nikah. Malangizowa tawalemba poganizira abale athu a kunyanja amene akukhala m'maesiteti a tiyi ku Thyolo, monga Satemwa, Makandi ndi Naming'omba, poti nyengo ya kumeneko ndi yosiyana ndi ya ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota.

Kuzindikira hina weniweni

Ufa wabwino umakhala wobiriwira ndipo umanunkhira ngati udzu wouma. Pakhungu umasiya mtundu wachikasu chofiirira umene umanka nukhwima mpaka kufiira moderako pakatha masiku awiri. Hina weniweni sada bii. Amene amadetsa khungu m'kanthawi kochepa, yemwe amamuti black henna, kawirikawiri amakhala wosakaniza ndi PPD, mankhwala odayira tsitsi. Mankhwalawa amatha kutulutsa matuza ndi kusiya zipsera zokhala ngati maluwa omwe munalembawo. Pogula, kaya ndi ku Limbe kaya pa boma, tiwerenge zolembedwa pa paketi, ndipo tiyambe tayesa kadontho pamkono.

Makanda tisawapake. Ana ena amabadwa ndi vuto la magazi lotchedwa G6PD deficiency, lomwe limapezeka kwambiri m'madera a malungo, ndipo hina amatha kuwawonongera magazi. Mwana akachita chikasu m'maso kapena kufooka atapakidwa, tithamangire naye kuchipatala.

Kakandidwe kake

Sefani ufa pa kansalu kopyapyala kuti pasakhale timitengo. Thirani pang'onopang'ono madzi a mandimu kapena tiyi wakuda wowirikiza amene wazizira, onjezani shuga pang'ono, n'kutakasa mpaka zilimbe ngati mankhwala otsukira mano. Tiyi ndi wosasowa ku Thyolo, koma tidziwe kuti mtundu umachokera mu hina mwini wake. Kuchulutsa masamba a tiyi sikungakonze ufa wokhalitsa. Shuga ntchito yake ndi kumamatiza phalalo pakhungu.

Mukakanda, vundikirani ndipo mudikire kuti utoto utuluke. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Kunyanja kumene kumatentha, maola ochepa amakwana. Ku Thyolo, makamaka mu June ndi July nthawi ya chiperoni, phalalo lingafunike kugona usiku wonse pamalo ofundirako. Kuti mudziwe ngati lapsa, dontheza pachikhatho ndi kupukuta pakatha mphindi zisanu: pakatsala chikasu chowala, ndiye kuti lakonzeka. Kunja kukakhala chinyontho chepetsani shuga, apo ayi mizere imasungunuka n'kulumikizana.

Kuphunzira kulemba

Dulani pulasitiki yolimbirako, ipindeni ngati mmene ogulitsa mtedza amapindira pepala, matani ndi selotepi, n'kusiya kabowo konga ka singano kunsonga. Thiranimo phala ndi kumanga kumwamba. Gwirani ngati cholembera, chala chachikulu ndicho chizifinya, ndipo nsonga isakhule khungu koma mzere uzigwera wokha.

Yambani papepala, osati pa dzanja la munthu. Zoyamba kuzidziwa ndi zisanu: mzere wowongoka, kadontho, kozungulira, tsamba ndi mpindi wonga mbedza. Maluwa onse amachokera pa zimenezi. Tsamba la tiyi ndi chitsanzo chabwino poyeserera, chifukwa ndi losongoka ndipo mitsempha yake imaoneka bwino. Dzanja likaleka kunjenjemera, lembani pa dzanja lanu, kenako pa la m'bale wanu. Kalembedwe ka Chiarabu, ka maluwa akuluakulu otalikirana, ndi kosavuta kuyambira kusiyana ndi ka Chimwenye kamene kamadzaza dzanja lonse ndi timizere. Ambiri mwa ife timalemba maluwa, masamba ndi mizere, n'kupewa zithunzi za anthu ndi nyama.

Kusamala mukalemba

Phala likhale pakhungu maola anayi kapena kuposerapo, manja ali ofunda. Likauma palani, ndipo tsiku loyamba pewani sopo ndi kuchapa. Mtundu umagwira kwambiri pachikhatho ndi kuphazi, ndipo umatha pakati pa sabata imodzi ndi masabata atatu. Kwa amayi othyola tiyi umafufuka msanga ku zala chifukwa cha mame ndi ntchito, choncho ndi bwino kulemba kuseri kwa dzanja ndi pamfundo, kutatsala masiku awiri kuti mwambo uchitike.

Hina ndi Swala

Mtundu wa hina sutchinga madzi, choncho wudhu ndi kusamba kwa lamulo zimatheka bwinobwino, kusiyana ndi utoto wopaka pa zikhadabo umene umauma ngati khungwa. Chimene chimatchinga madzi ndi phala louma, ndiye lichotsedwe lonse tisanachite wudhu. N'chifukwa chake ambiri amapaka akatha kuswali Isha n'kupala Fajr isanakwane, ena amasankha masiku amene mayi sakuswali. Swala isachedwe chifukwa cha maluwa a m'manja. Mayi amene ali pa eda ya imfa ya mwamuna wake, miyezi inayi ndi masiku khumi, sadzikongoletsa ndi hina mpaka nthawiyo ithe.